Njira ya kudoko inkadutsa kuseri kwa khitchini

Sendera kuno, mdzukulu wanga, utsiwo usakulowe m'maso. Ndinamva zimene umauza amako masana aja, zoti inu ana asukulu mutapita kukaona nyanja anakuimitsani pageti, ati aliyense ayambe walipira asanaponde mchenga. Umafotokoza ngati waona malodza. Ine sindinadabwe ngakhale pang'ono, chifukwa mpanda wamtundu umenewo ndinauona ukumera, ndipo simenti yake ina ndinasakaniza ndine ndi manja angawa.

Iwe sunazione, koma kale pano pa Mtakataka munthu ukafuna ulendo wautali sunkaima pamsewu n'kumakweza dzanja ayi. Unkapita kusiteshoni. Njanji imene mumadumpha popita kudimba ija inafika ku Salima mu 1935, bambo anga akadali mnyamata. Sitima inkanyamuka ku Limbe, kudzera ku Balaka, Sharpevale, Golomoti, n'kudzaima pano, kenako Chipoka kumene inkakumana ndi Ilala, mpaka kukatsitsa anthu ku Salima. Ikalira mluzu amayi ankathamanga ndi malichero a nthochi ndi nsomba zootcha kukagulitsa pamawindo. Ine nthawi imeneyo ndinkasesa ndi kunyamula matumba m'sitolo ya mmwenye. Kenako m'zaka za m'ma 1970 Kamuzu analamula kuti amwenye achoke m'midzi akachite malonda m'matauni akuluakulu. Abwana anga anapakira katundu, ine ntchito n'kuthera pomwepo. Ndinakwera sitima ndi kathumba kamodzi, kulowera kumpoto, ndipo msuweni wa amayi anga anandipezera malo panyumba ya boma yogona alendo m'mphepete mwa nyanja, kupitirira Chipoka. Dzina lake lisiye, eni ake a lero ali moyo ndipo ine ndilibe nawo mlandu.

Ndinayamba ndi kuwaza nkhuni. Kenako kutsuka mbale, kenako kuthandiza khukhi, mpaka ndinadzavala yunifolomu yoyera n'kumaperekera zakudya patebulo. Sinali hotela yaikulu ngati Grand Beach ya ku Senga Bay, imene pambuyo pake inadzatchedwa Livingstonia Beach, kapena Nkopola ya ku Mangochi. Izo zinali za anthu olemera. Yathu inali nyumba yaitali ya malata, khonde loyang'ana kumadzi, zipinda zowerengeka, chitofu cha nkhuni, ndi jenereta imene inkazimitsidwa usiku ukangolimba. Alendo ake anali akuluakulu a m'maofesi oyendera ntchito, aphunzitsi a kukoleji, abambo a ku mishoni akafuna kupuma, ndi azungu oyenda ndi zikwama kumsana.

Chinthu chimodzi chimene chinkatiseketsa ndi cha zovala. Kuyambira 1973 lamulo linkaletsa mkazi kuvala buluku kapena siketi yoonetsa mawondo m'dziko muno, ndipo mwamuna wa tsitsi lalitali ankametedwa akangotsika ndege. Koma kumalo ochezera a kunyanja lamulolo linkapumula. Ndiye mzimayi wachizungu ankafika atakulunga chitenje bwinobwino ngati wa Mvano, akangodutsa pachipata chathu chitenje chija pansi, watsala ndi kansalu kosakwana kupukutira mbale. Amayi a m'mudzi otunga madzi ankagwira pakamwa, ena n'kumayang'ana kumbali, ena osaphethira n'komwe.

Ndanena amayi otunga madzi, ndipo pamenepo ndi pamene pagona nkhani yanga yonse. Kuseri kwa nyumbayo kunali mudzi wa asodzi, ndipo njira yawo yopita kudoko inkadutsa pakati pa khitchini yathu ndi mtengo wa mlambe. Akuluakulu a m'mudzimo ankati malowo anaperekedwa ndi mfumu yawo kwa bwana DC wachizungu kalekale, pakamwa chabe, kuti alendo a boma azigonapo. Panali waya wozungulira, inde, koma unachita dzimbiri n'kugwa, ndipo palibe anavutika kuudzutsa. Mbandakucha anyamata ankadutsa ndi nkhafi paphewa. Dzuwa likatuluka ankakoka khoka pamchenga womwewo umene azungu ankadzagonapo masana, ndipo khukhi wathu ankangotulutsa mutu pakhomo n'kusankha chambo chikadaphiriphitha, kapena kampango wa msuzi wa abwana. Usipa ankauyanika pathandala chapafupi, mwera ukaomba fungo lonse m'zipinda. Alendo ena ankadandaula. Amanijala ankangoti, nyanja imanunkha choncho.

Usaganize kuti ndikukuuza za paradaiso. Anthu a msinkhu wanga timakonda kudzoza mafuta zinthu zakale, koma ine ndinaliko ndipo ndinganame bwanji. Nyumba ija inkafa tikuiona. Ndalama zonse zimene mlendo walipira sizinkatsala pamalopo, zinkapita kuthumba lalikulu la boma, lija amati akaunti nambala wani. Ndiye babu likapsa, amanijala ankalemba kalata kulikulu kupempha babu. Kalata ipite, idikire siginecha, ibwerere, miyezi yatha, mlendo akugona ndi kandulo. Mpope ukaboola tinkaumanga ndi mphira wa njinga. Maneti a udzudzu anali ndi zibowo zoti nkhuku n'kulowa. Ndipo panali alendo ena olemekezeka, obwera pa galimoto za boma, amene ankadya chambo, kumwa mowa, kugona masiku atatu, pochoka n'kungosayina m'buku. Buku limenelo linanenepa ngati Baibulo. Ndani akanalimba mtima kukatola ngongole kwa munthu woti akangotsokomola iwe wapita kosadziwika? Ife antchito nafenso sitinali angelo. Shuga ankatuluka m'matumba a malaya, sopo chimodzimodzi. Tinkati n'za boma, ndipo za boma zilibe mwini wolira.

Tsono tamvera bwino. Anthu a m'mudzi ankati nyumba ija ndi ya boma, osati yawo. Palibe mmodzi wa iwo anagonamo, palibe anadyamo patebulo. Koma popeza mwini wake anali kutali ndiponso waulesi, mchenga unali wa aliyense.

Pa 14 Juni 1993 tinaponya voti ya riferendamu, nyali kapena tambala wakuda. Kuno ku Dedza, kwawo kwa a John Tembo, ambiri anagwira tambala, koma dziko lonse nyali inapambana. Pachisankho cha pa 17 Meyi 1994 a Bakili Muluzi anapambana, n'kulowa m'boma ndi chipani cha UDF. Apo n'kuti a Banki Yaikulu ya Dziko Lonse ndi a IMF, amene ankatibwereka ndalama, akunena kale kuti boma lichepetse katundu amene lasenza, lisiye malonda kwa amalonda. Mu 1996 nyumba ya malamulo inavomereza lamulo logulitsa makampani a boma, ndipo kunakhazikitsidwa bungwe la Privatisation Commission loti liziyendetsa ntchitoyo. Mawu achizunguwo ankatipota lilime, ife tinkangoti "zogulitsa zija". Pamndandanda panali mafakitale, minda, njanji, sitima za panyanja, ndiponso nyumba zogona alendo zimene boma linali nazo m'maboma, m'nkhalango ndi kunyanja. Zina ankagulitsiratu, zina ankabwereketsa kwa zaka zambiri. Tsiku lina amanijala anabwera ndi nyuzipepala, natiitana tonse kukhitchini. Dzina la nyumba yathu linali mmenemo.

Eee, phokoso lake! Sabata isanathe mudzi wonse unali utadziwa kale wogula, ngakhale kuti panalibe amene anali atagula. Ena ankati ndi mzungu wa ku Joni. Ena ankati ndi mmwenye wa ku Limbe, amwenye aja akubwerera kudzera khomo la kunyanja. Ena ankanong'ona kuti mzunguyo ndi chophimba chabe, mwini weniweni ndi nduna. Mphekesera zimenezi palibe anazigwira mchira, koma zinkayenda msanga kuposa bwato la injini.

Andale anazitola. A tambala wakuda anachititsa msonkhano pabwalo la sukulu, ati onani, Ngwazi inamanga, awa akugulitsa, mawa adzagulitsa ndi nyanja yomwe, ndipo akugulitsana okhaokha pamtengo wa nkhuku. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Patapita masiku anabwera achikasu a UDF ndi nsalu zawo, ati boma si lophika tiyi kapena kuyala mabedi, nyumba ija yaola chifukwa cha omwe aja ankadya osalipira, abwere wandalama aikonze, ana anu apeze ntchito. Anthu omwe aja m'manja phwaphwaphwa. Ndipo ukaziganiza bwino, onse awiri ankanena zoona, theka theka. M'mudzi anthu anasiya kubwerekana mchere. Pamaliro ena ndinaona adzukulu okumba manda atagawikana, awa uku awa uku, nkhani yake ya nyumba yoti palibe mwa iwo analowamo. Ngakhale kukhitchini kwathu, khukhi ndi wochapa zovala anatha mwezi osalankhulana.

Kenako kunaitanidwa msonkhano waukulu pansi pa mlambe uja. Kunabwera anthu a kuboma, amfumu, aphungu, ndi ife antchito titaima kumbuyo. Mafunso anali ambirimbiri. Wagula ndani? Walipira zingati? Ndalamazo zipita kuti? Bwanji osagulitsa kwa Mmalawi? Antchito alipidwa liti? Dzuwa litapendeka, gogo wina wamkazi, wouma ngati chikuni, amene ankagulitsa usipa wofutsa, anadzuka atagwira ndodo. Anagwada pang'ono polemekeza amfumu, nati, "Zikomo mfumu, ine langa ndi limodzi. Kodi njira ya kudokoyi nayonso ili m'gulu la zogulitsazo?"

Anthu anaseka. Ine ndemwe ndinaseka, ndisakubisire. Munthu angagule bwanji njira? Mkulu wina wa kuboma anayankha mwaulemu kuti amayi asade nkhawa, zimenezo zidzaonedwa. Aphungu sanalitole n'komwe funsolo, munalibe voti mmenemo. Anabwerera kunkhani ya mtengo ndi ya nduna ija.

Patapita miyezi kunabwera anyamata ndi chipangizo cha miyendo itatu ndi tepi yaitali. Anafukula timiyala ta simenti tokwiririka m'tchire, amati mabikoni, timene ife tinkapunthwapo zaka zonsezo osadziwa ntchito yake. Zinapezeka kuti zimene mfumu yakale inapereka pakamwa, mzungu wakale anazilemba papepala ndi kujambula mapu, ndipo mapuwo ankayambira kumsewu mpaka kumadzi, mlambe uli m'kati, njira ili m'kati, doko lili m'kati. Wogula sanabe kanthu. Anagula zimene pepala linanena, pa lizi ya zaka 99. Amfumu anati makolo athu sanapereke doko. Anyamata aja anati ife tangotumidwa kuyeza.

Ife antchito tinalandira makalata. Tindalama tathu totsanzikira tinachedwa, ndipo pamene tinkafika n'kuti kwacha itagwa koopsa mu Ogasiti 1998, moti zimene ndinkaganiza kuti ndigulira malata a nyumba ino zinangokwana feteleza ndi fizi ya amako. Zaka zoposa makumi awiri ndikunyamula thireyi. Nditamva kuti kontilakitala akulemba aganyu, ndinavula manyazi n'kukaima pamzere. Anandipatsa fosholo ndi wilibala.

Apa ndiye ndinaona zodabwitsa. Choyamba anakwera padenga n'kuchotsa malata onse. Ife tinkati abweretsa atsopano owala. Ayi ndithu, anabweretsa udzu! Mitolo ndi mitolo, ndi akatswiri ofolera ochita kuwaitanitsa kutali. Mudzi wonse unabwera kudzaonerera. Munthu umagwira ntchito moyo wako wonse kuti uchoke m'nyumba ya udzu ulowe ya malata, wandalama akuchotsa malata kuti alowe m'nyumba ya udzu. Kenako anakumba dzenje lalikulu kutsogolo kwa khonde, nalimata bwino, nadzazamo madzi. Dziwe losambira, mapazi ochepa chabe kuchokera panyanja imene Mulungu anadzaza kale kwaulere. Gogo wa usipa uja anati azungu akuopa kuti nyanja iwathera.

Koma ntchito inagwirika, iyo ndiye ndisaitsutse. Chipinda chilichonse chinakhala ndi bafa lake ndi madzi otentha. Magetsi osazima. Khitchini imene ndinkaphikamo ndi nkhuni inadzaza zitsulo zonyezimira. Maluwa, kapinga, mabwato a alendo. Nyumba imene inkanunkha nkhungu ndi mileme inasanduka malo oti ngakhale ine ndinkaopa kupondamo ndi nsapato zanga. Antchito analembedwa ambiri kuposa mmene tinalili ife, malipiro osachedwa, ndipo buku la osayina lija linatheratu, aliyense ankalipira, kaya ndi bwana wa kuti. Kungoti ankafuna achinyamata a satifiketi ya Fomu 4, olankhula Chingelezi chosalala. Ife a "yes bwana" tinali titatha ntchito ngati malata aja. Mtengo wa chipinda ankautchula m'madola, ndipo mphunzitsi amene kale ankatha kubwera ndi banja lake pa holide sanaonekenso.

Chomaliza kumangidwa chinali mpanda. Wa njerwa, wautali kuposa munthu, kuchokera kumsewu kutsetsereka mbali zonse ziwiri mpaka kukaloweka mapazi m'madzi. Tsiku limene tinafika pa njira ija, amayi anabwera ndi ndowa zawo monga mwa masiku onse, napeza chingwe chitakokedwa ndipo ife tikukumba maziko. Anaima. Palibe anatukwana. Mmodzi anangonditchula dzina, nati, "Achimwene, inunso?" Ndinayang'ana pansi n'kupitiriza kusakaniza simenti. Ndikanatani, kunyumba kunali ana.

Kuyambira pamenepo madzi ankakatunga mozungulira, ulendo wotopetsa ndi ndowa pamutu. Asodzi anasamutsa mabwato kupita kumabango, kumene kuli matope, likodzo ndi ng'ona, ndipo khoka silikokeka pamalo otero. Amfumu anayenda kwa DC maulendo angapo. Mapeto ake mwini malo, amene kunena zoona sanali munthu woipa mtima, anakumbitsa mjigo m'mudzi ndi kusiya kakhomo kakang'ono kumbali koti asodzi azidzagulitsirapo chambo kukhitchini. Mjigo unathandiza, madzi ake anali abwino kuposa a m'nyanja. Koma mjigo sukocheza bwato. Nanga andale aja? Chisankho cha 1999 chitadutsa, a tambala ndi achikasu omwe ndinkawaona Loweruka atakhala limodzi pansi pa denga la udzu lija, botolo lili patebulo, mpanda ukuwatchinjiriza kwa anthu amene ankawaombera m'manja.

Ndinabwerera kuno kumudzi ndili ndi fosholo m'malo mwa penshoni, ndipo zogulitsa zija zinanditsatira. Kumapeto kwa 1999 njanji inaperekedwa kwa kampani ya Central East African Railways, ndipo sitima ya anthu inasiya kuima pano, siteshoni n'kusanduka khola la mbuzi. Madandaulo anachuluka m'dziko lonse mpaka mu 2001 boma linayamba laimitsa kaye zogulitsazo, koma patangopita miyezi yochepa zinayambiranso. Nthawi yomweyo ndi imene chimanga cha m'nkhokwe za boma chinagulitsidwa, njala ya 2002 n'kutipeza manja ali m'khosi. Tinadya gaga ndi zitsa za nthochi chaka chimenecho, ndipo kuyambira pamenepo munthu wa kuno ukamuuza kuti boma likugulitsa chinthu, amayamba wagwira pamimba. Mu 2003 fakitale ya nsalu ya David Whitehead ku Blantyre, imene inkaluka zitenje zimene agogo ako ankavala, inagulitsidwa kwa a Mapeto antchito akulira kuti mtengo wake wachepa.

Koma zinthu za dziko lino zimazungulira ngati galu wofuna pogona. Mahotela akuluakulu aja, Mount Soche, Capital, Ku Chawe, Nkopola ndi Livingstonia Beach, sanachoke kwenikweni m'manja mwa boma. Ali pansi pa kampani ya Sunbird, imene inalowa pamsika wa masheya mu 2002, ndipo gawo lalikulu la masheyawo ndi la boma mpaka lero. Ku Nkhata Bay kuli Chintheche Inn, imene inali ya boma ngati yathu ija. Inaperekedwa kwa a Wilderness Safaris, anaikonza n'kutchuka, ndipo patapita zaka yadzagweranso m'manja mwa Sunbird. Ndiye uone, ina yachoka ku boma, ina yabwerera ku boma, ina sinachokeko n'komwe, koma pita paliponse mwa malo amenewa ukapeza geti ndi mlonda. Ife tinkakangana za dzina la mwini, gogo uja yekha ndi amene anafunsa za njira.

N'chifukwa chake ndimakwiya ndikamva amalume ako akunena zogulitsa kamunda kathu ka kunyanja kwa anthu a ku Lilongwe amene akumabwera ndi galimoto zazitali masiku ano. Dera lino la Inkosi Kachindamoto gombe lake lakhala nthawi yaitali lopanda mipanda yambiri, chifukwa cha madambo ndi misewu yovuta, koma maso afika. Sindikuti asagulitse, mundawo ndi wa mbumba, akambirane ndi alongo ake. Ndangomuuza kuti tsiku loyeza ndikufuna ndikakhalepo, andinyamule pa njinga ngati miyendo yakana, ndikaone pamene akukhoma bikoni yomaliza, ndipo njira ilembedwe papepala lomwelo, osati pakamwa.

Chaka cha 2024 nyanja inakwera kwambiri, monga inachitira cha m'ma 1980 ndili mnyamata wa thireyi. Unamva pawailesi mmene madzi analowera m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Mwana wa msuweni wanga, amene amagwira ntchito yoyala mabedi panyumba ija, anabwera kudzazonda matenda kuno, ndiye ndinamufunsa za mpanda wanga. Anati mafunde a mwera anaukumba pansi, mbali ya kumadzi yonse inagona, ndipo kwa miyezi ingapo ana a m'mudzi ankalowa pa bwato mpaka pamlambe, n'kumawedza pamene panali kapinga. Ati tsiku lina milamba ndi timatemba anazipeza m'dziwe losambira lija. Ndinaseka mpaka chifuwa chinandigwira. Ndinamufunsa ngati gogo wa usipa anaziona, anati anamwalira kalekale, mwana iwe sukumudziwa n'komwe. Ndinafunsanso ngati amanganso. Anati njerwa zafika kale, akungodikira madzi abwerere, ndipo aganyu ayamba kulembetsa maina.

Sonkhezera motowo, ukuzima. Ndipo ukawauze amako andipatsire madzi akumwa.